Kemisitiri yandigwira mtima lero

Lero mu labu tayatsa kachidutswa ka chitsulo chotchedwa magnesium, abale inu, kuwala kwake mbee mpaka aphunzitsi kukuwa kuti tisayang'anitsitse, kenako pangotsala kaufa koyera basi, chitsulo chija chagwirana ndi okosijeni wa mumpweya n'kusanduka chinthu china. Kemisitiri yake ndi imeneyo, kufufuza kuti zinthu zinapangidwa ndi chani ndipo zimasintha bwanji zikakumana.

Kemisitiri ili ndi nthambi zingapo, ndipo zomwe tachitazi akuti ndi inorganic, ya zitsulo ndi miyala. Physical imaona za kutentha ndi liwiro la kusinthako, analytical ndi yoyeza kuti m'chinthu muli chani komanso chochuluka bwanji, pomwe biochemistry ndi ya zochitika m'thupi mwathumu.

Koma ine ndakopeka ndi organic, ya zinthu zokhala ndi kaboni, yemwe amapezeka m'makala ndi m'zamoyo zonse. Tangoganizani, kale anthu ankakhulupirira kuti zinthu zopangidwa ndi zamoyo sizingapangidwe mu labu, ndiye mu 1828 katswiri wa kemisitiri Friedrich Wöhler anapanga urea, yemweyu wopezeka mu mkodzo, popanda impso ya munthu kapena ya nyama. Chichokereni mu labu muja ndikungoganiza zomwezi, mawa ndikafunsa kuti anayamba ndi mankhwala anji.