Tsiku limene treadmill inandilavula

Nkhani yonseyi inayamba ndi sikelo. M'mawa wina ndinakwerapo, n'kuyang'ana nambala, n'kutsika. Ndinavula nsapato n'kukweranso. Inangochotsa theka la kilogalamu. Ndinavula wotchi. Apo n'kuti mayi a kunyumba ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo, chotsaninso mano. Mwina ndi amene akulemera."

Dokotala anali atandiuza kale kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Ndinawerengetsa m'mutu: mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Ine mphindi 30 ndimatha ndikusakasaka rimoti ya TV, ndiye ndinaona kuti n'zochepa. Chinatsala n'kusankha jimu.

Yoyamba kuiona inali pafupi ndi kunyumba, mtunda wa mphindi zisanu wapansi. Ndinalowa n'kupeza zitsulo zadzimbiri, benchi yong'ambika imene anaimanga ndi tepi, ndi fani imodzi imene inkazungulira ngati nayonso yatopa. Mwini wake, bambo wa imvi koma wa manja ngati mitengo, anandifunsa mafunso ambiri. Kodi bondo limakuvutani? Nanga BP? Mukufuna kuchepetsa thupi kapena kuwonjezera mphamvu? Kenako anati ndibwere ndiyesere kaye sabata imodzi osalipira, pa nthawi yeniyeni imene ndizidzabwera, ndikaona kuti pandiyanja ndiye tikambirane. Ndinamwetulira mwaulemu, koma mumtima ndinati munthu amene akupereka zinthu zaulere ndiye kuti malonda sakumuyendera.

Yachiwiri inanunkha masokosi. Sindinapitirire pakhomo.

Yachitatu, abale anga! Magalasi khoma lonse, nyimbo zogunda pamtima, makina onyezimira atandandalikana ngati galimoto zatsopano, kwinaku chipinda cha nthunzi chotulutsira thukuta. Mtsikana wa pa desiki ananditchula kuti "bwana" katatu ndisanakhale n'komwe. Anandiyendetsa ponseponse, ndipo mkati monsemo munali anthu awiri okha. Ndinati eya, malo abata a anthu olemekezeka ndi awa. Chimene sindinachiganizire n'chakuti linali Lachiwiri, 11 koloko m'mawa, nthawi imene anthu onse anzeru ali kuntchito. Sindinaganizirenso zoti kuchokera kunyumba kukafika kumeneko ndi ulendo wa mphindi 40 pamsewu pakakhala popanda chithinithini.

Anandipatsa kontrakiti pa tabuleti. Masamba ake sindikuwadziwa kuchuluka kwake chifukwa chala changa chinangotsetsereka mpaka pansi, n'kusaina. Miyezi 12, ndalama zizichoka zokha ku banki. Ndinatuluka chifuwa chili patsogolo, mimba ili patsogolo penipeni.

Lolemba lotsatira ndinaweruka kuntchito n'kukafika cha m'ma 6 koloko madzulo. Munali mu Januwale, mwezi umene aliyense padziko lapansi amalumbira kuti chaka chino asintha. Anthu awiri aja anali ataswana. Pa makina alionse panali mzere. Anyamata a akatumba ngati mapapaya ankabuula akunyamula zitsulo, wina akudzijambula pagalasi, wina atakhala pa makina amene ine ndinkafuna, akuseka ndi foni yake. Thaulo limene ndinaliona tsiku lija anati n'lolipira padera. Chipinda cha nthunzi n'cha mamembala a gulu lapamwamba. Mtsikana wa pa desiki sananditchulenso bwana. Anangondilozera potsegulira chitseko ndi khadi.

Kochi wina wachinyamata anabwera. "Bambo, ndinu atsopano? Ndikuonetseni kaye kagwiritsidwe ntchito ka makinawa, ndi mphindi khumi zokha."

"Ayi, mwana wanga," ndinatero ine, "ndinasewerapo mpira kusukulu."

Sindinamuuze kuti ndinali goloboyi wapabenchi, ndiponso kuti papita zaka 25.

Treadmill imodzi, makina othamangirapo okhala ndi lamba woyenda yekha kuphazi, inapezeka. Ndinakwera. Kutsogolo kwake kunalendewera kachingwe kofiira kokhala ndi kopanira kumapeto. Ndinakayang'ana n'kuganiza kuti anthu opanga makinawa ndi oganiza bwino, aika ndi pokolekera makiyi. Ndinakolekapo makiyi a galimoto. Kumanja kwanga kunali mayi wina wooneka kuti amandiposa zaka, akuthamanga mwakachetechete, osatuluka ndi thukuta lomwe. Ine ndinali nditawerengapo kuti kuthamanga pang'onopang'ono ndi makilomita 8 pa ola. Ndinati 8 ndi ya odwala. Ndinadina 10.

Lamba uja anayamba mwaulemu. Ndinayenda, n'kuyamba kathamangidwe kanga kakale, ndikudziyang'ana pagalasi. Sindinkaoneka moipa ayi. Koma lamba sanaime pamenepo. Anawonjezera. Anawonjezeranso. Miyendo inayamba kupalasa ngati ya nkhuku yodulidwa mutu, mimba ikudumpha payokha mosagwirizana ndi thupi lonse, mpweya ukutuluka ndi kaphokoso kamene sindinakamvepo m'moyo wanga. Ndinaponya dzanja kuti ndidine batani loimitsa, chala n'kugwera pa batani lina. Kutsogolo kwa makina kunayamba kukwera. Tsopano ndinali kuthamangitsidwa ndi chinthu chosaoneka, ndikukwera phiri.

Anthu amati pa nthawi ngati imeneyi munthu amakumbukira moyo wake wonse. Ine ndinakumbukira chinthu chimodzi chokha, kuti ndasaina miyezi 12.

Phazi lamanzere linachedwa pang'ono, basi nkhani inathera pomwepo. Lamba anandikokera kumbuyo n'kundilavula ngati njere. Mwamwayi, kapena mwatsoka, kumbuyoko kunali chimpira chachikulu chija amachitirapo masewera a msana. Ndinagwerapo ndi matako, chinandilandira bwinobwino, kenako chinandibweza. Ndinakatera chafufumimba pamphasa ya gulu la amayi amene ankadziwongola, nsapato imodzi itatsala m'njira, kabudula atatsika kufika pamene sindingatchule.

Apa m'pamene ndinadziwira ntchito yeniyeni ya magalasi aja amene anandikopa. Munthu ukagwa m'chipinda wamba umagwa kamodzi. Ine ndinadziona ndili gone mbali zisanu ndi imodzi, ndipo mbali iliyonse inali yoipa kuposa inzake. Nyimbo zinkagundabe. Treadmill inkathamangabe yokha, makiyi anga akulira ngwelengwele, kwinaku ikuwerengera ma calorie munthu amene sanalipo.

Kochi uja anafika akuluma mlomo kuti asaseke. Anaimitsa makina, n'kundithandiza kudzuka.

"Bambo, simunavulale? Pepani kwambiri. Komatu makina awa amawerenga mamailosi, osati makilomita."

Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Ndiye kuti 10 yanga ija inali makilomita 16 pa ola, liwiro la anthu amene amathamanga mipikisano, osati la munthu amene amapuma kaye pakati akamamanga zingwe za nsapato. Kenako ananyamula kachingwe kofiira kaja, n'kuchotsa makiyi anga mofatsa ngati akuchotsa munga.

"Aka mumapanira pamalaya. Mukatsalira m'mbuyo kamazuka, makina n'kuima okha. Ndi chinthu choyamba chimene ndimaonetsa atsopano."

Mayi wa kumanja uja sanasiye kuthamanga. Anangotembenuka n'kunena kuti, "Pepanitu achimwene," n'kupitiriza.

Munthu wanzeru akanapita kwawo. Ine ndinaona kuti ulemu wanga wagwera pansi pano, ndiye ndiutolere pompano. Ndinapita kwa onyamula zitsulo, n'kusankha chitsulo chachitali chopanda kanthu kumapeto, poganiza kuti ndiyambe ndi chopepuka. Palibe anandiuza kuti chitsulo chimenecho pachokha chimalemera makilogalamu 20. Ndinachisenza paphewa n'kunjuta nacho, kudzuka, kunjutanso, maulendo amene ndinasiya kuwerenga, chifukwa mnyamata wina ankandiyang'ana ndipo ndinkaganiza kuti akusirira. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ankadikira chitsulocho.

Tsiku lotsatira ndinadzuka ndili bwinobwino, kungomva kuuma pang'ono. Ndinauza mayi a kunyumba kuti thupi la wampira silikalamba. Lachitatu m'mawa ndinayesa kutsika pabedi, ntchafu zinakana kundidziwa. Ululu wa minofu umene umabwera munthu ukachita masewera amene sunazolowere suthamanga. Umafika pachimake patapita maola 24 mpaka 72, ndipo umaluma kwambiri potsika kusiyana ndi pokwera. Izi ndinazitsimikiza pa masitepe a kuntchito, amene ndinatsika chafutambuyo nditagwira chitsulo ndi manja awiri, mlonda akundifunsa ngati aitane galimoto ya chipatala. Za kuchimbudzi ndingonena kuti kukhala pansi kunali kugwa kokonzekera, ndipo kudzuka kunafuna pemphero ndi chogwirira cha chitseko.

Ndili chigonere madzulo ake ndinafufuza pa intaneti za mdani wangayo. Kholo la makina amenewa analipanga William Cubitt mu 1818, ku England, kuti akaidi azipondaponda pa chigudumu chachikulu ngati chilango. Ndinawerengera mayi a kunyumba mokweza.

"Koma akaidiwo sankalipira, eti bambo?" anafunsa.

Ndinaimba foni kuti ndithetse kontrakiti. Mawu okoma kwambiri anandiuza kuti zimenezo zili pa ndime ina ya zimene ndinasaina: miyezi 12 isanathe sizitheka, pokhapokha nditasamukira kutali kapena nditabweretsa kalata ya dokotala yonena kuti sindiyenera kuchita masewera. Ndinapita kwa dokotala. Ndi yemwe uja amene anandituma kukachita masewera. Anandipinda bondo, kundidina ntchafu, ine kukuwa, iye n'kunena kuti palibe chathyoka, ndipo mankhwala ake n'kuyendayenda pang'ono. Pamene ndinkamufotokozera za chimpira chija anavula magalasi n'kupukuta misozi. Kalata sanalembe.

Ku jimu ya magalasi ndinabwererako kawiri. Ulendo woyamba ndinakhala ola lathunthu pamsewu, n'kufika nditatopa kale. Wachiwiri ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "Ndi aja a chimpira aja."

Pano ndimapita kwa bambo wa imvi uja. Sabata yaulere ndinaidya yonse, ndipo sanandifunse kumene ndinasowera. Anandiyambitsa ndi tizitsulo ta makilogalamu atatu, timene mwana wanga wamng'ono amatha kunyamula, ndipo ndikafuna kuwonjezera amangopukusa mutu. Ndimalipira mwezi ndi mwezi. Kwinako ndalama zikuchokabe zokha, ndipo pa 1 mwezi uliwonse amanditumizira uthenga wakuti andisowa. Alendo akabwera kunyumba, mayi amawauza monyadira kuti amuna awo ndi a majimu awiri, alendowo n'kuyang'ana mimba yanga, n'kukhala chete.

Treadmill kwa bambo uja ilipo imodzi, pakona, ndipo inafa kalekale. Ndi pamene ndimayanika thaulo langa. Komabe ndisanayandikire ndimayamba ndaona ngati waya wake ali kumagetsi.