Zikomo nonse amene munatithandiza kulera Koko

Lero gulu losamalira mbalame zopulumutsidwa kuno ku Johannesburg latipatsa mapepala otsimikizira kuti Koko, yemwe tinkangomusunga mongoyembekezera, tsopano ndi wa pakhomo pathu ndithu. Ndati ndithokoze poyera onse amene anatigwira mkono, chifukwa ine ndi bambo a kunyumba patokha sitikanakwanitsa.

Kwa amene simukumudziwa, Koko ndi chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, mtundu umene kuno amautcha African grey. Mwini wake anali gogo wina amene ndinkamugwirira ntchito ya m'nyumba. Gogoyo atamwalira ine ntchito inatha, nyumba inatsekedwa, ndipo khola la Koko linakankhidwira m'galaja mopanda zenera. Kwa miyezi yambiri ankangomuthirira njere za mpendadzuwa ndi madzi basi. Pamene a gulu lija anakamutenga, pachifuwa ndi pamimba panali mbee ngati nkhuku yososola. Nthenga anadzizula yekha. Zinkhwe zimatero zikasungulumwa kapena zikadwala, chifukwa kutchire zimakhala m'magulu, ndipo kukhala chokha mumdima sizichipirira.

Poyamba ndithokoze amayi a gulu limeneli. Munandifunafuna mutamva kuti mbalameyi imadziwa mawu anga, ndipo simunandiderere poona kuti tikukhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni. Munabwera, munayeza malo, munatibwereka khola lalikulu, n'kukhala pansi kundiphunzitsa modekha. Ndinkaimba foni ngakhale usiku, inu osatopa nane.

Adokotala a ziweto, zikomo kwambiri. Mutamuyeza magazi munapeza kuti kashiamu ndi wochepa m'thupi mwake, vuto limene zinkhwe zamtunduwu zimakhala nalo kawirikawiri, ndipo ndi limene linkamuchititsa kunjenjemera mpaka kugwa pa kamtengo kake. Munatiuza kuti mpendadzuwa uli ndi mafuta ambiri koma kashiamu wochepa, ndiponso kuti amafunika kuwothera dzuwa lenileni panja, popeza dzuwa lodutsa pagalasi la zenera silithandiza thupi kupanga vitamini D. Chimene sindidzaiwala ndi pepala lija munatilembera la zinthu zoletsedwa. Pamwamba penipeni panali mapeyala. Ife Amalawi peyala timalikonda, ndipo mwana akhoza kuponyera mbalame kachidutswa mwachikondi, koma kwa chinkhwe ndi poizoni. Chokoleti, khofi, mowa ndi zamchere wambiri n'chimodzimodzi. Mtedza wachuku nawo ndi woopsa. Utsi wa mbaula, wa fodya, ngakhale mpweya wochokera m'mapoto osamatirira aja akapsa kwambiri pamoto, ukhoza kupha mbalame nthawi yochepa. Pepalalo lidakali pachitseko cha filiji. Komanso munatilola kulipira pang'onopang'ono, osatichititsa manyazi.

Ndalama zoyamba za kuchipatala zinachokera kwa amayi anzanga a chipereganyu. Mwezi umenewo sunali wanga, koma munagwirizana kundipatsa ine. Ndikudziwa kuti ena mumtima munadabwa kuti ndalama zonsezi n'kuthera pa mbalame pamene kumudzi abale akudikira. Funso limenelo ndi loona ndipo sindikulinyoza. Komabe munandikhulupirira, ndipo ndabweza zonse ndi mtima woyamikira.

Nyengo yozizira ya kuno, June ndi July, inali yoopsa kwa mbalame yopanda nthenga pachifuwa, makamaka magetsi akazima usiku. Hita ya parafini sitikanayatsa chifukwa cha utsi. Mayi oyandikana nafe, ochokera ku Tete, ndinu amene munasoka chophimba khola kuchokera ku bulangete lanu, n'kumatibweretsera mabotolo a madzi otentha okulunga m'nsalu kuti tiziika m'mbali mwa khola. Mayi, Mulungu akuonjezereni pomwe munachotsapo. Alandilodi athu, inunso zikomo popirira phokoso la m'mawa. Chinkhwe chikakuwa chimamveka mpaka kumsewu, koma simunatiuzepo kuti tisamuke.

Bambo a kunyumba, inu munalumidwa chala mpaka magazi sabata yoyamba yomwe, koma m'mawa mwake munapita kukafuna nthambi zoti azitafuna. Zikomo bambo.

Kusiya mpendadzuwa kunali nkhondo. Chakudya cha m'sitolo chopangira zinkhwe ankachitaya pansi chimodzichimodzi akundiyang'ana ndi diso lake lachikasu lija. Anayamba kulawa maungu ophika ataona ine ndikudya pafupi ndi khola, kenako mbatata, karoti, papaya ndi chimanga chachiwisi, chimene amachigwira ndi phazi limodzi n'kumachikukuta. Tsiku lina ndikumupopera madzi ndinaona timinga totuwa tatuluka pakhungu la pachifuwa. Ndinaopa kuti ndi matenda, koma zinali nthenga zatsopano zidakali m'timakoko tawo. Ndinakhala pansi n'kulira. Lero chifuwa chadzaza, kupatula kamalo kamodzi pansi pa phiko pamene adokotala akuti mwina sipadzameranso.

Kwa nthawi yaitali sankalankhula. Atayambiranso, mawu oyamba anali kutsokomola kwa malemu gogo uja, ndendende, moti thupi langa linachita tsemwe. Pano amati "Odi!" munthu akagogoda, ndipo madzulo amaweramitsa mutu kuti ndimukande pakhosi.

Abale ambiri mwandifunsa kumene mungagule chinkhwe chotere, ena mukuti ndidzabwere naye kumudzi pa Khirisimasi. Ndiyankhe mosabisa. Kwawo kwa mbalamezi ndi nkhalango za ku Congo, Cameroon, Gabon, Ghana mpaka Uganda, ndipo zagwidwa zambirimbiri kuti zigulitsidwe, zochuluka n'kufera m'njira. Ku Ghana ofufuza anapeza kuti kuyambira 1992 zatha zoposa 90 pa 100 zilizonse. N'chifukwa chake mu 2016, pamsonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) umene unachitikira mumzinda uno wa Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Kumuwolotsa malire kumafuna zilolezo za mayiko onse awiri, si nkhani yongomukweza basi pa Park Station ayi. Koko ali ndi mphete kumwendo yosonyeza kuti anaswedwa kwa oweta, koma wogulitsa wa pamsewu sangakuuzeni zoona za kumene yake yachokera. Ngati mtima ulipo, pitani kwa osamalira mbalame zopulumutsidwa, zilipo zambiri zosowa pokhala. Kwathunso tili ndi zinkhwe zathu, monga tija tating'ono tobiriwira ta ku Liwonde National Park, ndipo ine ndimakonda kuti tizikaziona zikuuluka komweko.

Chomaliza ndi cha mwana wanga wamkazi. Chinkhwe chotuwa chikasamalidwa bwino chimatha kukhala zaka 40 mpaka 60, ndiye kuti Koko akhoza kudzatsala ine nditapita. A gulu lija anafunsa kuti adzamusunge ndani zikadzatero, kuti za m'galaja zija zisadzabwerezeke. Mwanangu, iwe sunadikire kuti ndikupemphe. Unatenga cholembera n'kulemba dzina lako pansi pa langa. Zikomo mayi wanga, ndipo nonse amene ndakutchulani Mulungu akudalitseni.