Sabata ya m'dzenje, pansi pa sitima yachikasu

Lolemba ndinaswera m'dzenje. Ku shedi kwathu kuno ku Cape Town, sitima ikabwera kudzakonzedwa imaima pamwamba pa ngalande yakuya, ife n'kulowa kunsi ndi tochi pachipumi. Inali 5M2A, zachikasu ndi zotuwa zija zomwe zakhala zikututa anthu opita kuntchito kuyambira kalekale. Zoyamba za mtundu wake zinachokera kwa Metro-Cammell ku Britain mu 1958, kenaka Union Carriage & Wagon inayamba kuzipangira ku Nigel mu 1962.

Ntchito yanga inali mabulashi. Bogi iliyonse yokoka ili ndi mamota anayi, ndipo m'kati mwa mota muli timitanda ta kaboni tomwe timakhuza mkuwa wozungulira kuti magetsi adutse. Timatha ngati sopo. Umatsegula kachitseko, kukweza sipuling'i ndi chala, kusolola bulashi, kuyeza. Pofika masana mamina anali bii. Mota wachitatu ndinaupeza mkuwa wake utawauka mbali imodzi, fumbi la kaboni litaitana moto.

Madala amene ndimagwira nawo anangonunkhiza. "Iyi yachokera kunyanja," anatero. Sanalakwe. Njanji ya ku Simon's Town ikangodutsa Muizenberg imatsata gombe, mafunde ali pomwepo, ndiye mchenga ndi mchere zimalowa paliponse.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinapita ndi kudikira chitsulo chomwe sichinabwere. Mapeto ake tinakachotsa pa bogi ina yomwe inafa kale, ili phee kuseri kwa shedi.

Chimene chimandisangalatsa pa sitima zimenezi n'chakuti zilibe chinsinsi. Waya wapamwamba uli ndi mavoti 3,000, mkono wa padenga umawatsitsa, ndipo ponyamuka mphamvu yotsala imangotenthedwa m'ma resistor (zitsulo zochepetsa mphamvu ya magetsi opita ku mamota), omwe amadumphidwa limodzilimodzi liwiro likamakwera. N'chifukwa chake imanyamuka modzutsadzutsa, agogo n'kugwira mpando. Kuwononga magetsi kumene, sindikana. Koma vuto lake umaliona ndi maso, umaligwira ndi dzanja.

Lachinayi usiku bambo anaimba kuchokera ku Limbe, kufunsa ngati sitima zangazi zingayende kwathu. Ndinati, "Mawilo angakwane ndithu, bambo, njanji n'chimodzimodzi, mamilimita 1,067. Koma waya mukautenga kuti?" Anaseka mpaka kutsokomola.

Lachisanu anatitengera ku sitima yabuluu, X'Trapolis Mega, yomwe eni dziko amati Isitimela Sabantu, yopangidwa ndi Gibela ku Dunnottar, kufupi ndi Nigel komweko. Mamota ake alibe mabulashi n'komwe. Mnyamata wophunzitsa analumikiza laputopu, zolakwika zonse n'kutuluka pa sikirini. Madala anaika manja kumbuyo, kuzungulira bogi kawiri, kenaka anandinong'oneza kuti tibwerere m'dzenje, mota wachinayi uja sitinautseke.