Ine si mfiti, ndi Goya

Poti nkhaniyi yafika kale mpaka kumpingo, ndiloleni ndinene ndekha: mwana wa mlamu wanga sindinkafuna kumudya ayi.

Ndinali ku Madrid, ku Spain, m'nyumba ya zithunzi ya Prado, njala itandipinda, poti anthu akumeneko nkhomaliro amadya cha m'ma 2 kapena 3 koloko. Ndiye ndinakumana ndi chithunzi cha Francisco Goya, chimene anajambula pakhoma la nyumba yake yomwe cha m'ma 1820, ali gonthi kale. Saturn, mulungu wa Aroma, wagwira mwana wake ndi manja awiri ngati chimanga chootcha. Mutu watha kale. Mkono umodzi watha, winawo uli m'kamwa. Maso ali tong'oo, ngati munthu amene mwamupeza akuvundukula mphika wa ndiwo usiku. Akuti anauzidwa kuti mmodzi mwa ana ake adzamulanda ufumu, ndiye mwana akangobadwa, iye kwiti.

Ine ndi njala yangayo, kunena zoona, ndinamumvetsa pang'ono mkuluyu.

M'katimo salola kujambula, choncho ndinagula positikhadi, n'kuijambula ndi foni kuti ndiseketse anzanga a mpira pa gulu lathu la WhatsApp. Ndinalemba kuti: "Uyu ndi ine ndikafika kumeneko. Mundisungire."

Zinapita pa gulu la WhatsApp la kuchikamwini. Pamwamba pake penipeni panali chithunzi cha khanda la mlamu wanga, lobadwa m'mawa womwewo, litakulungidwa m'chitenje, lonenepa bwino.

Anthu 23 anaona. Palibe anayankha. Kenako amalume a mkazi wanga anatumiza pemphero la mphindi 7, dzina langa likutchulidwa kanayi. Ndinafufuta uthengawo, koma kufufutako n'kumene kunatsimikiza mlandu.

Madzulo apongozi anaimba. "Apongozi, munthu uja ndi mnzanu?"

Ndinafotokoza mwaulemu kuti ndi nthano chabe, kuti mwana womaliza wa Saturn, Jupiter, anapulumuka chifukwa amayi ake anakulunga mwala m'nsalu, bamboyo n'kumeza mwalawo.

"Asanafike pamwalapo anali atadya angati?"

Apa munthu wanzeru akanati netiweki yavuta. Ine ndi sukulu yangayi ndinati, "Asanu."

Komatu gulu lija ndani analipatsa dzina lofanana ndi la anzanga a mpira? Zimenezo palibe akufunsa.

Mwana pano akukwawa. Ndikapita kumeneko amandilandira bwino, amayamba andipatsa nsima kaye, yambiri, ndipo ndikakhuta m'pamene amamutulutsa. Kumunyamula sanandilolebe.