Za nati za Alfa Romeo zija, imvaniko mbali yanga

Popeza chithunzi chija chazungulira kale, ndipo ena mwayamba kundiitana kuti Achimwene Paipi, bola ndifotokoze ndekha. Inde, wagona chagada m'beseni la oyilo uja ndine. Inde, mabawuti awiri anathyoka. Koma zoti ndinalira ndi bodza, unali utsi.

Galimoto yake ndi Alfa Romeo 1750 GTV ya 1969, ya mdala wina wa kuno ku Johannesburg, yomwe inakhala zaka m'shedi matayala ataphwa. Maonekedwe ake anajambula ndi Giorgetto Giugiaro ali ku Bertone, kampani ya ku Italy yojambula maonekedwe a magalimoto, inayamba kutuluka mu 1963 ngati Giulia Sprint GT, ndipo 1750 inabwera mu 1967. Injini ndi ya aluminiyamu, 1779 cc, ma camshaft awiri pamwamba, makabuleta awiri a Weber. Zonsezi ndimazidziwa. Ndimadziwanso kuti ukachotsa hedi suzunguza injini usanapanikize ma liner, masilinda achitsulo omwe mapisitoni amayendamo, chifukwa amanyamuka, pansi pake n'kuyamba kudontha, madzi n'kusakanikirana ndi oyilo. M'mawa womwewo ndinali nditawaphunzitsa anyamata zimenezi, chala m'mwamba ngati mlaliki wa m'basi.

Kenako inafika nthawi yochotsa mawilo kuti tione mabuleki. Ntchito ya mwana wobwera dzulo. Mbali ya kumanja, nati zinayi kutsogolo, zinayi kumbuyo, zonse zinamasuka mwaulemu. Ndinapita kumanzere ndikuimba mluzu.

Nati yoyamba inakana. Ndinati dzimbiri. Ndinaipopera mafuta omasulira, n'kudikira mphindi khumi. Inakana. Ndinaiwotcha ndi gasi. Inakana. Apa ndi pomwe ndinatuma mnyamata kukatenga paipi ija, ya mita imodzi ndi theka, n'kuiveka pa sipanala.

Tsono tiwerengere limodzi, abale. Nati ya wilo pa galimoto yotere imamangidwa pafupifupi 100 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yopotoza). Ine ndimalemera makilo 85, ndisanadye. Ndikaima kumapeto kwa paipi yotalika choncho, ndiye kuti kabawuti konenepa ngati chala changa kakulandira mphamvu yoposa 1,200 Nm. Ndipo sindinangoima. Ndinagwira denga la galimoto ndi dzanja limodzi, n'kuyamba kunjanja ngati ndikupondaponda dothi la njerwa. Paipi inkawerama, n'kundibweza, n'kuweramanso. Anyamata anasiya ntchito. Wina anayamba kundiwerengera. Ndili m'mwambamo ndinamva kwiii, paipi n'kutsika pang'ono, ndipo ndinatembenuka n'kuwauza ndi pakamwa panga kuti, "Mwaona? Chitsulo chimamva munthu wodziwa."

Sikunali kumasuka. Bawuti inali kutamuka ngati chingamu. Kenako thyo! Nati inagubuduka pansi, mutu wa bawuti uli m'kati mwake.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kuyang'ana mazinga a chidutswacho. Ine ndinachitola, n'kuchionetsa kwa aliyense, n'kunyoza zitsulo za ku Italy. Ndiye ndinakwera pa nati yachiwiri. Iyi sinachenjeze. Inangothyoka ndili pakati pa kudumpha, ndipo kumbuyo kwanga kunali beseni lomwe tinakhuthuliramo oyilo wa zaka zonse zija, wakuda bii, wolemera ngati phala. Ndinakhalamo bwinobwino, miyendo m'mwamba, nsapato imodzi ili pansi pa galimoto ina. Sindinadzuke msanga. Munali mozizira, ndipo ndinkafuna kaye kuganiza za moyo wanga.

Mwini galimoto analowa nthawi imeneyo. Anandiyang'ana, anayang'ana paipi, sanalankhule. Anatenga sipanala yopanda paipi, anaika pa nati yachitatu, n'kupotoza molowera komwe wotchi imayendera, ngati akumanga. Inamasuka. Ndi dzanja limodzi, mdala woyenda ndi ndodo.

Ma Alfa akale a mtundu umenewu ali ndi mazinga obwerera kumbuyo pa mawilo a kumanzere. Kumanja umamasula monga mwa masiku onse, kumanzere umamasula ngati ukumanga. Maganizo a nthawi imeneyo anali oti kuzungulira kwa wilo kusamamasule nati galimoto ikuthamanga. Kenako anazisiya, mbali zonse n'kukhala zofanana. Ndiye kuti ola lonse lija, mafuta, gasi, paipi ndi gule yemwe, ine ndinali kumanga.

Komabe tinene chilungamo. Mbali ya kumanja ndi imene inandinamiza, nati zisanu ndi zitatu zonse. Ndipo anyamata anayi anaimirira pomwepo, palibe ngakhale mmodzi anati achimwene tayesani kwinaku. Foni yojambulira yokha ndiye anaipeza msanga.

Kukonza kwake si kwa mphindi zisanu. Kutsogolo uyenera kuchotsa caliper ya mabuleki, kutulutsa hub yomwe wilo limamangidwapo pamodzi ndi mabering'i, kukankha zidutswa zothyoka ndi press, kulowetsa mabawuti atsopano, kupaka girisi watsopano, n'kuchuna mabering'i. Mabawuti a mazinga obwerera sapezeka pa shopu ya pakona, amachita kuitanitsa. Ambiri amangosintha onse a kumanzere n'kuika wamba, ndipo ine ndinapereka ganizo limenelo. Mdala anakana, akuti galimoto ikhale momwe inachokera ku fakitale ya Alfa Romeo ku Arese, ku Italy.

Tikudikirabe katunduyo. Ovolosi ndachapa katatu. Paipi bwana anaitsekera mu ofesi.