Chifukwa chake madzi amayamba kutha kumtunda mu Johannesburg

Ambiri mwa ife amene tikukhala kuno ku Johannesburg tinaona kale kuti madzi akayamba kuvuta, sasiya kutuluka m'dera lonse nthawi imodzi. Okhala m'malo okwera ngati Brixton ndi Northcliff amayamba ndiwo kuona mipopi ikungodontha pamene anzawo a kumunsi akusamba bwinobwino, ndipo madziwo akabwerera, a kumtundawo amawalandira pomalizira. Ndamvapo anthu akunena kuti limeneli ndi tsankho, koma gwero lake lenileni lili m'chikhalidwe cha madzi eniakewo.

Madzi ndi olemera kuposa mmene timaganizira. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero malita 1,000 amakwana tani yathunthu. Madzi akaima chilili m'thanki kapena m'paipi, a pamwamba amapanikiza a pansi, ndipo kupanikizako ndi kumene timati pulesha. Pa mamita 10 aliwonse a kuya, pulesha imawonjezeka ndi 98 kPa (kPa ndi chidule cha kilopascal, muyeso wa pulesha), imene amisiri a mapaipi amangoiwerengera kuti ndi 1 bar. Chimene chimavuta kuvomereza n'chakuti kuchuluka kwa madzi sikuwonjezera kanthu pa pulesha imeneyi. Kapaipi kakang'ono kodzaza madzi kotalika mamita 10 kupita m'mwamba kamapanikiza pansi pake mofanana ndi nyanja ya Malawi pamalo akuya mamita 10. Simon Stevin, katswiri wa masamu wa ku Bruges (mzinda umene lero uli ku Belgium), anafotokoza zimenezi mu 1586, ndipo Blaise Pascal, wasayansi wa ku France amene dzina lake lili mu muyeso wa kPa, anadzasonyeza kuti madzi otsekeredwa akapanikizidwa mbali imodzi, mphamvuyo imafika mbali zonse mofanana.

Mfundo imeneyi ndimaitenga kukhala yofunika kwambiri kwa abale athu amene akugula mathanki chifukwa cha kusowa kwa madzi. Munthu amasonkha ndalama movutikira n'kugula thanki ya malita 5,000, n'kuikhazika pansi kuseri kwa nyumba, kenako n'kudabwa kuti shawa ikukana kutulutsa madzi. Madzi a m'thankiyo akakwera mamita 2 kuchokera pampopi, pulesha yake ndi pafupifupi 20 kPa basi, ndipo imachepa pamene madziwo akutsika. Kathanki ka malita 500 kokwezedwa mamita 10 kangapereke pulesha yoposa imeneyo kasanu. Wofuna kukweza thanki yaikulu akumbukire kuti malita 5,000 ndi matani 5, ndipo chitsulo chowotcherera mwachisawawa sichinganyamule katundu wotere popanda kuika moyo wa ana osewera pansi pake pachiswe. Ine ndimaona kuti pabanja wamba n'kwanzeru kusiya thankiyo pamaziko olimba a simenti n'kugula kapampu.

Mzinda wonse umayendera lamulo lomweli. Johannesburg anamangidwa chifukwa cha golide amene anapezeka mu 1886, pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kutali ndi mtsinje waukulu uliwonse. Madzi ambiri amachokera ku Vaal Dam, damu limene linamalizidwa mu 1938, ndipo bungwe la Rand Water, lokhazikitsidwa mu 1903, limawayeretsa ku Zuikerbosch ndi ku Vereeniging lisanawakankhe chokwera kudzera m'mapampu a ku Eikenhof, Zwartkopjes, Palmiet ndi Mapleton. Wochokera ku Blantyre sangadabwe nazo, pakuti nakonso madzi amakankhidwa chokwera kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire. Akafika mumzinda amasungidwa m'mathanki akuluakulu omangidwa pazitunda, ndipo kuchokera pamenepo amatsika okha. Pulesha ya pampopi wa nyumba iliyonse imadalira kutalika kwa pakati pa mpopiwo ndi pamwamba pa madzi a m'thanki ya deralo. Nyumba imene ili mamita 60 kumunsi siizindikira madzi a m'thankiyo akatsika ndi mamita 5, koma imene ili pafupi ndi msinkhu wa thankiyo imauma nthawi yomweyo. N'chifukwa chake madera okwera kwambiri ali ndi nsanja za madzi, monga ya ku Yeoville, koma nsanja imadzazidwa ndi pampu, ndipo magetsi akazima imatha msanga chifukwa imasunga madzi ochepa.

A kumunsi nawonso ali ndi vuto lawo. Usiku anthu akagona, madzi a m'mapaipi amakhala ngati angoima, pulesha imakwera, ndipo mapaipi akale amang'aluka kapena kuwonjezera kuchucha. Mainjiniya amaika mavavu ochepetsa pulesha pofuna kupewa zimenezi. Komanso madzi safinyika ngati mpweya, kotero vavu yaikulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, madzi othamanga amagunda paipi ndi mphamvu yokhoza kuiphulitsa.

Pomanga damu, chiwerengero chomwechi ndi chimene chimalamula kukula kwa chipupa. Damu la Katse ku Lesotho, limene madzi ake amadzafika mu Vaal, ndi lalitali mamita 185, ndipo likadzaza pulesha ya pansi pake imayandikira 1,800 kPa. Kuya kwa madzi kukawirikiza kawiri, mphamvu yonse yokankha chipupa imawirikiza kanayi, ndipo yambiri imagwera kumunsi, n'chifukwa chake zipupa za madamu zimakhala zochindikala kutsinde n'kumapyapyala kumwamba. Kutalika kwa nyanja ya kuseri kwa chipupacho, kaya ndi kilomita imodzi kaya makilomita 50, sikusintha chiwerengerochi.

Kukwera kwa mzinda uno kumakhudzanso mapampu. Pampu yoyamwa madzi sikoka madziwo ndi mphamvu yake yokha, koma imachotsa mpweya m'paipi, ndipo mpweya wa kunja ndi umene umakankha madziwo kuti akwere. Ku Durban mpweyawo umapanikiza ndi 101 kPa, imene ingakweze madzi mamita 10 ndi pang'ono, pamene kuno umapanikiza ndi pafupifupi 83 kPa, imene singapitirire mamita 8 ndi theka ngakhale pampuyo ikhale yatsopano. Wokumba chitsime chakuya kuposa pamenepa ayenera kugula pampu yomiza m'madzi, yoti iziwakankha kuchokera pansi.