Za Nkhwazi: msana wayamba kumasuka, koma chishalo chikupendekekabe

Mwezi uno sitinaphunzire zatsopano. Tinangolimbana ndi nkhani ya msana.

Nkhwazi, hatchi yanga yaikazi ija, anayamba khalidwe lachilendo titangowonjezera maphunziro a trot (kuthamanga pang'onopang'ono). Ndikabwera ndi chishalo ankagoneka makutu kumbuyo, ndikamamanga lamba wa pamimba n'kutembenuka kufuna kundiluma. Ndikakwera ankatsitsa msana, mchira uli kupikupi, pakamwa yasaa. Anzanga ku khola ankati ndi matama chabe, afunika chikwapu. Sindinagwirizane nazo, chifukwa pa chingwe chachitali chomuzungulitsira, wopanda chishalo, ankathamanga bwinobwino.

Chinandithandiza ndi ndandanda ya Dr Sue Dyson, katswiri wa za mahatchi wa ku Britain, yotchedwa Ridden Horse Pain Ethogram, yomwe inatuluka mu 2018. Muli zizindikiro 24, ndipo hatchi ikaonetsa 8 kapena kuposerapo, nthawi zambiri pali ululu. Ubwino wake ngwakuti simangoganizira: kuti chizindikiro chiwerengedwe, makutu akhale atagona masekondi 5, pakamwa potsegula masekondi 10. Mnzanga ananditenga vidiyo pa foni, ndipo Nkhwazi anaonetsa zizindikiro zopitirira 8 mosavuta. Zina, monga kutulutsa lilime, munthu uli pamsana sungazione n'komwe.

Kenaka tinaika chishalo pamsana popanda nsalu yapansi. Pakati pa chishalo ndi fupa lotukuka la pamwamba pa mapewa payenera kulowa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo zinkalowa. Vuto linali m'mbali: dzanja silinkadutsa kuseri kwa phewa, chinali chitapana. Pakati pa msana chinasiya mpata, kulemera konse kuli kutsogolo ndi kumbuyo. Kumbuyoko chinapitirira nthiti yomaliza (hatchi ili ndi nthiti 18 mbali iliyonse), n'kukakhala pachiuno pomwe sipayenera kusenza munthu. Akatuluka thukuta, kuseri kwa mapewa kumatsala tizigamba touma, ndipo kumanzere kwayamba kumera tiubweya toyera. Ubweya woyera umatanthauza kuti kupanikizikako kwakhalitsa, ndipo kawirikawiri subwereranso mtundu wake.

Wina anandiuza kuti ndingowonjezera nsalu yokhuthala. Nsapato ikakuthina suvalanso masokosi awiri. Chishalochi ndinagula chakaunjika kuchokera ku Joni Nkhwazi adakali wowonda. Pano minofu yakula ndi ntchito, n'chifukwa chake odziwa amati chishalo chiziyezedwanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Ndinamupumitsa, kenaka ndinabwereka china chotakasuka kutsogolo komanso chachifupi. Kusintha kulipo ndithu. Waleka kuluma, khosi akulitambasula, ndipo polowa canter (kuthamanga kwa liwiro loposa trot) sakudumphanso ngati kale. Ndikasindikiza ndi zala m'mbali mwa msana amanyunyukabe pang'ono kumanzere.

Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti chishalo chatsopanochi nachonso chikutsetserekera mbali imodzi, makamaka tikamazungulira. Kafukufuku wa Line Greve ndi Dyson yemweyo anapeza kuti chishalo chotsetsereka chotere nthawi zambiri chimayenderana ndi kutsimphina kwa mwendo wakumbuyo, ngakhale kochepa kosaoneka ndi maso wamba. Ndiye kugula china ndaimitsa kaye. Dokotala wa ziweto abwera sabata yamawa kudzaona miyendo, ndipo ndawapempha kuti adzamuone ndili pamsana. Mpaka tsikulo tingoyenda pang'onopang'ono, mzere wowongoka, vidiyo osaiwala.